Amene Anatulutsa a Lyle M'chimanga

A Wendell Zabka ankafuna chinthu chimodzi chokha asanatsikire kuli chete, ndipo sichinali chachikulu: kukhala kumbuyo kwa galimoto yofiira ija, pamwamba pa mpando, n'kumaponyera anthu maswiti. Anzawo akakalamba amalakalaka kukaona nyanja kapena kuikitsa mano atsopano. Iwo ankangofuna kusamuka pa chiwongolero n'kupita kumbuyo, ulendo woti ngakhale mwana wokwawa sangapumire panjira.

Galimotoyo inali ya tauni yonse ya Pruitt Grove, kuno ku Nebraska. Inali yakalekale, yopanda denga, ndipo chaka chonse inkagona m'shedi ya ozimitsa moto itafunditsidwa lona. Inkatuluka pa 4 Julaye pokha, tsiku la perete wokumbukira ufulu wa dziko lino, kudzanyamula munthu amene komiti yamusankha kukhala Ngwazi ya Chaka. Dalaivala wake anali a Wendell, kuyambira tsitsi lawo lili lakuda bii mpaka pano pamene latsala la m'makutu lokha. Ngwazi ikakhala pamwamba paja mapazi ake amakhala kuseri kwa khosi la dalaivala, choncho a Wendell ngwazi zonse za m'tauni muno ankazidziwira ku nsapato.

Poyamba zinali jombo zokhazokha. Asilikali obwera kunkhondo, apolisi, amuna a zibwano zouma osadziwa kumwetulira, amene ankaponya maswiti ngati akugenda mbalame, ana n'kumabwerera kwawo atatupa pamphumi koma ali osangalala. Kenako kunabwera nsapato zafulati za aphunzitsi ndi zoyera za anamwino. Pamenepo a Wendell sanadandaule, poti anamwino anali atawasambitsapo m'malo osatchulika, ndipo ankadziwa kuti ntchito imeneyo imafuna kulimba mtima. Koma zaka zaposachedwazi zinthu zinafika pena. Ananyamula bambo wovala patapata amene anasiya kumwa zotsekemera n'kumauza dziko lonse pa intaneti mmene akuvutikira. Ananyamula mayi amene anakana kukadya Khirisimasi kwa apongozi ake, anthu n'kunena kuti watsegulira njira ambiri. Chaka chatha ngwazi inalibe n'komwe nsapato: anali galu wotchedwa Biscuit, amene anauwa ataona utsi kwa aneba. Utsiwo unali wa nyama yowotcha, koma anthu anati cholinga chake chinali chabwino. Galuyo anasanzira a Wendell m'kolala pa ngodya ya banki.

Chowawa chinali chakuti a Wendell anali ngwazi yeniyeni, ya mtundu wakale uja, ndipo mpandowo anautaya ndi pakamwa pawo pomwe.

Asanakwatire, mphamvu zikadali m'mapewa, ankagwira ntchito pa nkhokwe zachitsulo za kumapeto kwa tauni limodzi ndi mnzawo wa kusukulu, a Lyle Brandvold. Tsiku lina a Lyle analowa m'nkhokwe kukaswa chimanga chomwe chinaundana pamwamba. Chimangacho chinagumuka n'kuyamba kuwameza. Amene anakulira kuno amadziwa kuti chimanga cha m'nkhokwe zija n'choopsa kuposa madzi, chifukwa m'madzi umatha kusambira. Pamene a Wendell ankasuzumira, n'kuti kwatsala mutu wokha ndi dzanja limodzi. Anadzimanga chingwe m'chiuno n'kutsika, n'kuyamba kukapa chimangacho ndi chipewa chawo uku akutukwana, mpaka anamugwira mnzawoyo m'khwapa n'kumuzula ngati chinangwa.

Mtolankhani anabwera ndi kamera yake. Tsono a Wendell anakulira m'makanema a amuna okwera pa akavalo, mmene munthu amapulumutsa tauni yonse, n'kulavula, n'kukwera kavalo wake osadikira zikomo. Kavalo analibe, koma malovu anali nawo. Analavula, n'kuyang'ana kutali, n'kunena kuti, "Sindine ngwazi ine. Wina aliyense akanachita zomwezo."

Dziko lonse lino limadziwa kuti mawu amenewa ali ngati a mlendo amene akuti wakhuta: umamufunsanso kachiwiri. Koma anthu a ku Pruitt Grove ndi okhulupirika mochititsa mantha. Munthu akanena chinthu, amamukhulupirira basi. Nyuzipepala inalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ZABKA AKUTI SI NGWAZI. Komiti, imene inali itagwirizana kale za dzina lawo, inachita manyazi n'kulichotsa poopa kuwakakamiza, ndipo poona kuti ndi munthu wa manja olimba, inawapatsa makiyi a galimoto. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, a Wendell anapita kuchipatala, n'kuima pambali pa bedi la a Lyle manja ali m'thumba, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Dzina langa usadzalitchule pa nkhani imeneyi." A Lyle analumbira, chimanga chikadali m'mphuno. Kuyambira tsiku limenelo a Wendell anakhala akudikira kufunsidwa kachiwiri, ndipo palibe amene anawafunsa.

Chaka chino nthawi inawathera. Dokotala wa maso anawauza kuti chiphaso chawo choyendetsera galimoto sichidutsa nyengo yokolola, kutanthauza kuti perete ameneyu anali womaliza. Ndiye panalinso a Lyle. Atapuma pantchito, a Lyle anazindikira kuti iwo ndi wopulumuka, ndipo masiku ano wopulumuka amalemera kuposa wopulumutsa. Ankayenda m'masukulu ndi m'matchalitchi kufotokoza mmene chimanga chimalirira chikamakumeza, atavala malaya olembedwa kuti CHIMANGA SICHINANDIGONJETSE. Ankadziwa polira ndi popumira. Akafika pachimake ankakweza maso n'kunena kuti, "Kenako kuchokera kumwamba kunatsika dzanja." Azimayi a m'tchalitchi ankangoti ameni.

Mmawa wina a Marlys, akazi awo a Wendell, analowa m'khitchini n'kupeza amuna awo ataima pa windo akukwinya nkhope, milomo ikunjenjemera.

"Kodi m'mimba mwayambanso?" anafunsa a Marlys.

"Ndikuphunzira kulira," anatero a Wendell osacheuka. "Komiti ikumana Lachiwiri. Masiku ano sapereka mpando kwa munthu wouma m'maso."

A Marlys anaika khofi pamoto n'kuwayang'anitsitsa kanthawi. "Mukuoneka ngati mwameza fupa la nkhuku. Bwanji osangopita kwa a Lyle mukawauze kuti lumbiro lija latha ntchito? Munthu uja amakukondani. Akhoza kukutchulani mpaka m'makutu mwanu muwawe."

"Mwamuna sapempha kuthokozedwa."

"Koma amaphunzira kulira pa windo."

"Zimenezo n'zina."

"Inu bambo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwakhala mukudzigwira pamimba kuyambira ndili mtsikana, kudikira kuti wina akutsekulireni." Anawaikira kapu patebulo. "Ndiye musalire ndi diso limodzi, mukuopseza mbalame."

Komiti inkakumana m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, mmene mumanunkha khofi wa maliro onse a m'tauni muno. Kale a komiti ankakhala kuseri kwa tebulo ngati oweruza. Tsopano mipando inali yozungulira, pakati pali bokosi la timapepala topukutira misozi. Wapampando anali mayi Shawna Dietz, wachitsikana, wamtima wabwino mosayerekezeka, amene ankapendeka mutu akamamvetsera munthu. Nkhani ya nkhokwe inachitika iwo asanabadwe. Mwa akale munatsala munthu mmodzi yekha, a Orville, nkhalamba yogontha khutu limodzi, imene inkabwera makamaka chifukwa cha makeke.

A Lyle, amene dzina lawo linalinso pakati pa oti asankhidwe, ndiwo anayamba. Analankhula za mdima, za fumbi, za mayi awo amene anawakumbukira chimanga chitafika pachibwano. Pamene dzanja lija linkatsika kuchokera kumwamba, n'kuti bokosi la timapepala latsala theka. A Wendell anakhala ndwii, atapinda manja, akuyang'ana dzanja lenilenilo, limene tsopano linali ndi nyamakazi ndipo linkalephera kutsekula botolo la jamu.

"A Zabka, takulandirani," anatero mayi Shawna atapendeka mutu. "Muno ndi malo omasuka. Tiuzeni nkhani yanu."

A Wendell anakonza pakhosi. Mawu oti "ndine ndinamutulutsa" anakwera bwinobwino mpaka pammero, n'kusuzumira kunja, n'kubwerera. "Tsiku la nkhokwe lija," anatero, "inenso ndinalipo."

"Munalipo! Ndiye munaona zonse ndi maso anu. Munamva bwanji?"

"Kutentha."

"Mumtima?"

"Ayi, m'malaya."

Mayi Shawna anapendekera mutu mbali inayo. "Koma zinakusinthani bwanji monga munthu? Munataya chiyani tsiku limenelo?"

"Chipewa," anatero a Wendell. Anaona kuti mpata wolira ndi womwewu. Chinali chipewa chabwinodi, chofiirira, cha mlomo waukulu, ndipo chinatsala m'chimanga muja. Anachikumbukira ndi mphamvu zawo zonse, n'kukwinya nkhope monga ankachitira pa windo, n'kukankha kuchokera m'mimba. Chimene chinatuluka chinali kuyetsemula kwakukulu kumene kunaulutsa kapepala kamodzi m'bokosi n'kudzutsa a Orville.

A Orville anawayang'ana, n'kuloza ndi keke. "Uyu ndikumudziwa," anatero mokweza, monga amachitira ogontha. "Ndi uja ananena yekha kuti si ngwazi. Zinatuluka m'nyuzi."

"Zoona, a Zabka?" anafunsa mayi Shawna.

"Ndinanenadi, koma..."

"Musadandaule ngakhale pang'ono," anatero mayiwo, atagwira pamtima. "Muno timalemekeza mmene munthu amadzionera yekha. Palibe amene adzakukakamizeni kukhala chimene simuli."

A Wendell anatembenukira kwa a Lyle. A Lyle anawatsinzinira diso, n'kuika chala pamlomo mobisa, kusonyeza kuti chinsinsi chili m'manja abwino. A Wendell anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati mwamuna wa m'kanema, koma mumtima ankafuna kuchiluma chalacho. Komiti inasankha a Lyle popanda wotsutsa, ndipo inathokoza a Wendell mwapadera chifukwa chovomera kudzawayendetsa.

Tsiku la perete linacha ndi dzuwa loswa mtengo. Monga mwa chaka chilichonse, anthu anali atandanditsa kale mipando yawo yopinda m'mbali mwa msewu waukulu kuyambira pakati pa sabata, ina ataimanga ndi zingwe kuopa achibale. Patsogolo panali bandi ya sukulu, imene inkadziwa nyimbo ziwiri, kenako mathirakitala, kenako akavalo. Galimoto yofiira inkabwera pambuyo pa akavalo. A Wendell anali atadandaula za dongosolo limeneli kwa zaka zambiri, koma nthawi zonse ankadandaulira mumtima.

A Lyle anakwera kumbuyo atanyamula ndowa ya maswiti. Anali atavala nsapato zoyera zothamangira, zatsopano, zimene mwini wake anali asanathamangepo nazo.

"Wendell, m'bale wanga, ndikuopatu," anatero a Lyle. "Kodi dzanja amakweza bwanji? Chonchi kapena chonchi?"

"Ungokweza. Silimagwa."

Ananyamuka. Anthu anali mbwee mbali zonse, timbendera tili m'manja, ana akuthamangira maswiti. A Lyle ankaponya mokoma mtima, siwiti imodziimodzi, uku akuyang'ana munthu m'maso n'kumuuza kuti nayenso ndi wofunika. A Wendell ankayang'ana matako a akavalo, amene tsopano ankawaona mwachimbuuzi, n'kumadziuza kuti uwu ndi ulendo womaliza, ndipo authera pomwe anauyambira. Chisoni chinawagwira chenicheni, chimene chikanawathandiza Lachiwiri lija.

Atafika pa ngodya ya banki, galimoto inatsokomola kawiri n'kuzima. A Wendell anapotokola kiyi. Inalira ngati ikufuna kunena kanthu, kenako inangoti zii. Akavalo ankapitirira, bandi inkamveka patali, ndipo kumbuyo galimoto ya ozimitsa moto inali itayamba kale kuliza hutala mwaulemu.

A Wendell sanaganize n'komwe, ndipo vuto lawo linali limenelo kuyambira kale. Anatsika, n'kupinda malaya. "Lyle, tsika ugwire chiwongolero."

"Nanga maswiti?"

"Uli ndi manja awiri."

Anapita kumbuyo, n'kuika phewa, n'kukankha. Kuno kulibe chitunda, koma kulibenso chitsikira choti chikuthandize. Dziko linayalidwa ngati tebulo, ndipo chimene wakankha n'chimene chayenda. Galimoto inagwedezeka, n'kuyamba kukwawa. A Wendell anaweramira pansi, mutu uli pakati pa mikono, mapazi akuponda chilichonse chimene akavalo anasiya, ndipo akavalowo anali atadya bwino. Thukuta linali kamukamu. Mawondo ankalira mokweza kuposa bandi.

Anthu anaimirira. Mafoni onse anakwera m'mwamba, onse ataloza kutsogolo kwa galimoto, kumene a Lyle ankaongolera ndi dzanja limodzi, linalo likuponya maswiti, misozi ikutsika bwinobwino m'masaya onse awiri.

"Taonani a Lyle! Galimoto yafa koma iwo sakugonja!"

"Chimanga chinalephera, ndiye injini ingawathe?"

Kumbuyo kunkangooneka msana wonyowa ndi dazi lofiira. Ena ankaganiza kuti ndi mbali ya chionetsero, kukumbukira mmene makolo ankavutikira kale. Mayi wina anaponyera a Wendell siwiti.

Perete amathera pa geti la paki. Atafika pamenepo a Wendell anatsamira buti ya galimoto ali wefuwefu, dziko likuzungulira. Khamu linakhamukira kwa a Lyle. Koma mtsikana wina wa ku nyuzipepala, amene anachedwa n'kusowa polowera, anatembenuka n'kuwaona. Anayang'ana nsapato zawo, n'kuyang'ana msewu wonse umene anachokera, n'kukweza foni yake.

"Pepani bambo, mwakankha galimoto yonseyi nokha? Pa msinkhu wanuwu? Komatu ndinu ngwazi."

Mawu aja anafika. Anachedwa moyo wonse wa munthu, koma anafika, kamera ili pomwepo. A Marlys, amene anali atangofika atakolekera mpando wawo paphewa, anaima chilili. A Wendell anaweramuka. Anali ndi zonse zokonzeka: kutentha, chipewa, nkhope ya pa windo ija. Anatsekula pakamwa. Ndiye khosi lawo linatembenuka lokha, milomo inalavula ngakhale munalibe malovu, maso anapita kutali kumene kuli minda.

"Sindine ngwazi ine," anadzimva akunena. "Wina aliyense akanachita zomwezo."

"Oo, chabwino," anatero mtsikanayo mwaulemu. Anali wobadwira konkuno. Anatsitsa foni n'kupita kukafuna mpata kwa a Lyle.

A Marlys anayandikira, n'kuwamenya pamkono ndi kambendera.

Dzuwa litapendeka, tauni yonse inali m'paki kudya masoseji ndi chimanga chophika. Galimoto inatsala pa geti, ndipo inafunika kubwezedwa ku shedi, kumapeto ena a msewu womwewo. A Wendell anakhala pa bampala atavula nsapato imodzi, akuipala ndi kamtengo. A Marlys ankawakupizira mphepo ndi mbale yapepala. Kenako a Lyle anatulukira, nkhope ili ngwee, ndowa ya maswiti ili m'manja, itatsala pang'ono pansi.

"Wandipulumutsanso, m'bale wanga," anatero a Lyle, n'kutsitsa mawu. "Koma usade nkhawa. Andifunsa kuti amakankha ndani, ine ndati sindinacheuke. Ngakhale izi ndifa nazo."

A Wendell anaika kamtengo pansi. Anatembenukira kwa mnzawoyo.

"Lyle, ndiwe chitsiru."

"Ine?"

"Iweyo, ndi tauni yonseyi, ndi nyuzipepala yake." Mawu ankatuluka mokakamira, ngati msomali wadzimbiri. "Munthu akati si ngwazi, mumamufunsanso. Aliyense amadziwa zimenezo. Ngakhale aneba athu a ku Kansas amadziwa. Ine ndanyamula asilikali, ndanyamula anamwino, ndanyamula wa patapata uja, ndanyamula galu. Galu, Lyle." Makutu anali atafiira. "Ndikufuna kukhala kumbuyo. Ndakhala ndikufuna kuyambira tsiku lomwe lija. Ndikufuna kuponya maswiti."

A Marlys anasiya kukupiza mphepo. A Lyle anaika ndowa pansi.

"Zaka zonsezi?" anatero a Lyle. "Iwe Wendell, ukudziwa mmene lumbiro lako landizunzira? Azimayi a kutchalitchi amakhulupirira kuti linali dzanja la mngelo. Amandifunsa kuti linkawala bwanji. Ndiwauze kuti linkanunkha dizilo ndipo mwini wake ankatukwana amayi anga? Mwana wanga woyamba ndinkafuna kumutcha Wendell, koma ndinaopa kuti anthu atulukira. Ndiye dzinalo ndinapatsa ng'ombe yanga yamphongo ija."

"Ine ndinkayesa ukundinyoza."

"Inali ng'ombe yabwino kuposa zonse zimene ndinakhalapo nazo." Maso a a Lyle anadzaza, ndipo ulendo uno panalibe wowaonera woti n'kumulirira. "Tsiku lililonse ndikadzuka n'kupuma mpweya, ndimakumbukira iwe. Ndiye n'kumakupeza pogulitsira mafuta, n'kumangokamba za mvula."

A Wendell anayang'ana nsapato yawo. Akanakhala ndi malovu akanalavula, kuti nkhope ipeze chochita.

"Kwerani, bambo," anatero a Marlys. Anaponya mpando wawo m'galimoto, n'kukhala pa chiwongolero, n'kukokera mpando wa dalaivala kutsogolo. "A Lyle, nsapato zanuzo akuti n'zothamangira. Tiyeni tizione."

A Wendell anavala nsapato yawo n'kukwera. Anaponda pampando, n'kukhala pamwamba paja, mosamala ngati pangathyoke. Kunali kutali ndi pansi kuposa mmene ankaganizira. Msewu wonse unkaoneka, mpaka nkhokwe zachitsulo zija kumapeto kwake, ngakhale kuti maso awo ankaziona ngati mitambo. A Lyle anawapatsira ndowa, n'kupita kumbuyo, n'kuika phewa. Anabuula, anaitana dzina la Mulungu, ndipo pa ulendo wachitatu galimoto inasuntha.

Perete wachiwiri wa tsikulo anayenda chobwerera, popanda bandi. Mbali zonse za msewu kunali mipando yopinda yokhayokha, yopanda anthu, eni ake akudya m'paki. Pansi panali mapepala a maswiti ndi ntchito ya akavalo, imene nsapato zoyera zija zinayamba kuidziwa. A Wendell anatenga siwiti imodzi n'kuiponyera pampando wobiriwira. Inagwera pakati penipeni. Anaponyanso ina, kenako ina, n'kuyesa kukweza dzanja. Linali lolemera poyamba, koma silinagwe.

"Musagende, bambo," anatero a Marlys osacheuka. "Ponyani ngati mumawakonda."

Pa ngodya ya banki mpando umodzi unali ndi munthu. Anali a Orville, amene anagona bandi isanadutse, ndipo achibale awo anawasiya poganiza kuti asawasokoneze. Kulira kwa matayala kunawadzutsa. Ataona galimoto yofiira ikubwera, anaganiza kuti perete wangoyamba kumene. Anadzuka movutikira, n'kuvula chipewa, n'kuchiika pamtima monga ankachitira masiku a jombo aja. Kenako anatsinzina maso kuti aone bwino.

"Kodi chaka chino ndi ndani?" anafuula.

A Lyle anasiya kukankha, n'kuweramuka, n'kukoka mpweya wonse umene unatsala m'chifuwa. "Ndi Wendell Zabka! Ndi amene ananditulutsa m'chimanga! Dzanja lija ndi ili mukulionali, la nyamakazili!"

A Orville anayandikira mpaka m'mphepete mwa msewu. Anayang'ana a Wendell kuyambira kudazi mpaka kunsapato. "Zabka," anatero. "Paja unati si iwe ngwazi. Tsono tiuze bwinobwino, ndiwe kapena si iwe?" Anaika dzanja kuseri kwa khutu lawo labwino lija n'kudikira.

A Wendell anamva mawu aja akunyamuka m'mimba. Ankaidziwa njira yawo, anali ataiyenda kale kawiri. Khosi linayamba kutembenuka lokha, maso akufunafuna minda. A Marlys anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri n'kutsinzina.

A Wendell anapisa dzanja m'ndowa, n'kutapa maswiti odzaza chikhatho, n'kuwakankhira onse m'kamwa ndi mapepala ake omwe. Masaya anatupa. Mawu aja anafika pammero n'kupeza njira yatsekedwa. Ndiye ali chomwecho, misozi ikutsika m'maso onse awiri popanda kuikankha, anagwedeza mutu kuvomera.

"Bwanji osanena kale?" anatero a Orville, n'kutambasula chipewa chawo kuti awaponyeremo siwiti.